Black Panther 3: mkangano wa pa Songwe wakhudza mgodi wa Kayelekera

Filimu yachitatu ya Black Panther sinatuluke, ndipo kampani ya Marvel Studios sinaulule nkhani yomwe idzakhalemo. Komabe pachipata cha Songwe m'boma la Karonga, pomwe Malawi amachita malire ndi Tanzania, okonda mafilimu adayamba kale kukangana za amene adzavale chovala cha nyalugwe wakuda komanso za tsogolo la dziko longopeka la Wakanda. Mkanganowu umamveka m'nyumba zoonetsera vidiyo, pamalo odikirira makasitomala a kabaza ndiponso pa WhatsApp ndi Facebook. Ambiri mwa okanganawo mafilimu awiri oyambawo adaonera pafoni kapena pavidiyo, ena atamasuliridwa m'Chichewa, ena m'Chiswahili kuchokera kutsidya kwa mtsinje, ku Kasumulu ndi ku Kyela.

Zimene zatsimikizika pa filimuyi n'zochepa. Mu Novembala 2024, katswiri wa zisudzo Denzel Washington adaulula pa wailesi yakanema ku Australia kuti Ryan Coogler, yemwe adatsogolera mafilimu awiri oyambawo, akumulembera gawo mu filimu yachitatu. Coogler adavomereza nkhaniyi m'chaka cha 2025. Chinanso chodziwika n'chakuti Letitia Wright, Winston Duke ndi Tenoch Huerta, omwe amasewera ngati Shuri, M'Baku ndi Namor, aonekera mu filimu ya Avengers: Doomsday yomwe ikuyembekezeka kutuluka pa 18 Disembala 2026. Zina zonse ndi mphekesera, ndipo mphekeserazo ndizo zikudyetsa mkangano.

Funso loyamba likukhudza T'Challa, mfumu ya Wakanda. Chadwick Boseman, yemwe ankasewera gawoli, adamwalira ndi khansa pa 28 Ogasiti 2020 ali ndi zaka 43. Marvel idasankha kusalowetsa wina m'malo mwake, ndipo mu Wakanda Forever ya 2022 mfumuyo idamwaliranso m'nkhanimo, mlongo wake Shuri n'kutenga mphamvu za Black Panther. Kumapeto kwenikweni kwa filimuyo kudaonekera mwana wa T'Challa wotchedwa Toussaint, yemwe mayi ake, Nakia, ankamulera mobisa ku Haiti.

Apa ndi pomwe anthu agawikana. Gulu lina likuti T'Challa ndi dzina lalikulu kuposa munthu mmodzi, choncho wina alowe m'malo monga momwe zimakhalira ndi James Bond kapena Batman. Dzina la Damson Idris, wa ku Britain koma makolo ake ndi a ku Nigeria, lakhala likutchulidwa kwambiri ngakhale Marvel sinanenepo kanthu. Gulu lina likuti Shuri adavutikira udindowo ndipo kumulanda kungaonetse ngati mkazi amangosungira mpando mwamuna. Gulu lachitatu likuti mwanayo akule, adzalowe ufumu wa bambo ake.

M'dziko muno mfundoyi ili ndi kakomedwe kake. Pakati pa Angonde a ku Karonga, ufumu umatsata kuchimuna, pomwe pakati pa Achewa ndi Ayao umatsata kuchikazi, ndipo wolowa ufumu amakhala m'bale kapena mwana wa mlongo wa mfumu. Kwa mnyamata wokulira m'dera la Kyungu, n'zosachita kufunsa kuti Toussaint ndiye mwini mpando. Dalaivala wa thiraki wochokera ku Dedza kapena ku Mangochi, yemwe akudikira mapepala a katundu pachipata, amaona kuti mbumba ya Shuri ndiyo ili ndi mawu. Aliyense amawerenga filimuyo ndi mwambo wa kwawo.

Palinso chifukwa china chomwe Amalawi amaitengera filimuyi ngati yawo. Malemu Connie Chiume, yemwe adaoneka m'mafilimu onse awiri ndipo mu yoyamba adasewera ngati mkulu wa fuko la okumba migodi, adabadwira ku Welkom m'dziko la South Africa mu 1952, koma bambo ake adali ochokera ku Usisya m'boma la Nkhata Bay. Chiume adamwalira ku Johannesburg pa 6 Ogasiti 2024 ali ndi zaka 72. Mpando wake m'bwalo la akuluakulu a Wakanda tsopano uli wopanda munthu, ndipo ena akufunsa ngati Coogler adzaganizirenso wosewera wa kuno kummwera kwa Africa.

Koma mtsutso womwe uli ndi mnofu ndi wa vibranium, mwala wongopeka womwe udalemeretsa Wakanda. Mu filimu ya 2018, T'Challa adasankha kuulula chuma cha dziko lake ndi kuyamba kugawana nzeru ndi maiko ena. Filimu yachiwiri idaonetsa zotsatira zake: maiko amphamvu adayamba kusakasaka mwalawo, ndipo Mfumukazi Ramonda adadzudzula France pamsonkhano wa United Nations chifukwa chotumiza asilikali kukaba. Tsopano popeza Robert Downey Jr. akubwera ngati Doctor Doom, owerenga mabuku a zithunzi a Marvel akukumbutsa kuti mu nkhani ya Doomwar ya 2010, Doom adalanda vibranium ya Wakanda, ndipo T'Challa adauthetsa mphamvu mwalawo kuti usagwere m'manja mwa mdani. Funso ndi lakuti: kodi Wakanda atsekenso zitseko, agulitse mwalawo pamtengo wake, kapena autaye?

Ku Karonga funso lotere si la m'filimu mokha. Pamtunda wa makilomita pafupifupi 52 kuzambwe kwa tawuni ya Karonga pali mgodi wa uranium wa Kayelekera. Kampani ya Paladin ya ku Australia idautsegula mu 2009 ndi kuimitsa ntchito mu 2014, mtengo wa uranium utagwa potsatira ngozi ya ku Fukushima ku Japan mu 2011. Pamgwirizano wa 2007, boma lidalandira magawo 15 pa 100 alionse a umwini wa mgodiwo, koma lidatsitsa msonkho wa pamiyala yokumbidwa kuchoka pa 5 peresenti kufika pa 1.5 peresenti m'zaka zitatu zoyamba, kenako 3 peresenti. Mu 2015, bungwe la ActionAid lidati dziko lino lidataya ndalama zoposa madola 43 miliyoni a ku America m'zaka zisanu ndi chimodzi chifukwa cha kuchotseredwa misonkho komanso njira zomwe kampaniyo inkatumizira ndalama kunja. Paladin idatsutsa zoti idachita cholakwika. Chaka chotsatira, bungwe la Human Rights Watch lidatulutsa lipoti lodandaula kuti anthu okhala pafupi ndi migodi ya malasha ndi uranium m'bomali sankauzidwa zoona zokhudza madzi ndi umoyo wawo.

Mgodiwu udagulidwa ndi kampani ya Lotus Resources mu 2020 ndipo udayambanso kutulutsa uranium mu Ogasiti 2025. Pamgwirizano watsopano wa 2024, msonkho wa pamiyala udabwerera pa 5 peresenti. Malamulo a migodi amalamulanso kampani zikuluzikulu kupereka ndalama zosachepera 0.45 peresenti ya zomwe zagulitsa pachaka ku chitukuko cha madera ozungulira mgodi. Mu Okutobala 2025, Pulezidenti Peter Mutharika adaletsa kutumiza kunja miyala yosayengedwa. Choncho mnyamata wa pa Songwe akamati Wakanda asagulitse vibranium yaiwisi, akunena zomwe akuluakulu a boma akukambirananso ku Lilongwe zokhudza Kayelekera, Kangankunde ku Balaka, Kasiya ku Lilongwe ndi phiri la Songwe la ku Phalombe.

Ngakhale zili choncho, kufanizira kumeneku kuli ndi malire. Wakanda adalemera chifukwa adali ndi akatswiri ake, magetsi ake ndi mafakitale ake osandutsa mwala kukhala mankhwala, sitima ndi zida. Malawi alibe malo opangira magetsi a nyukiliya, ndipo uranium wa ku Kayelekera alibe msika m'dziko muno. Kutseka zitseko ngati Wakanda kungatanthauze kusiya mwalawo pansi, ntchito za anthu n'kutha, ndalama zakunja zomwe dziko likuzisowa n'kusowerabe. Amene akuti tigulitse ali ndi mfundo. Amene akuti tisamale nawonso sakulakwa, pakuti zaka za 2009 mpaka 2014 zidaonetsa kuti mgodi ukhoza kutsegulidwa ndi kutsekedwa midzi yozungulira isanasinthe kwenikweni. Paja akuluakulu adati fodya wako ndi amene ali pamphuno. Malonjezo a pamwambo wotsegulira mgodi sakhala chitukuko mpaka sukulu, chipatala ndi mjigo zitaoneka.

Nkhani ya Wakanda payokha ilinso ndi phunziro pa za umwini. Black Panther adamupeka ndi Stan Lee ndi Jack Kirby mu 1966 ku America, ndipo Marvel ili m'manja mwa kampani ya Disney, yomwe idaigula mu 2009 pamtengo wa madola pafupifupi 4 biliyoni. Filimu ya 2018 idapeza ndalama zoposa madola 1.3 biliyoni, koma mbali yaikulu idajambulidwa ku Atlanta. Chilankhulo cha Chixhosa, mabulangete a ku Lesotho ndi zovala za mitundu ina ya mu Africa zidakometsa filimuyo, phindu n'kupita kwina. Pakadali pano opanga mafilimu a m'dziko muno, monga Shemu Joyah wa Seasons of a Life ndi The Last Fishing Boat, amagwira ntchito pamsika womwe filimu imakoperedwa pa memory card ndi ndalama yochepa, mwini wake osalandirapo kanthu. Nyumba za vidiyo zomwe zikufalitsa Wakanda ndi zomwezonso zikadakhala msika wa nkhani zathu kukadakhala njira yolipirira eni ake.

Za T'Challa, Shuri ndi gawo la Denzel Washington adzayankha ndi Coogler nthawi yake ikakwana, ndipo palibe wa pa Songwe amene angasinthe zimenezo. Za Kayelekera n'zosiyana. Malawi adalowa m'bungwe la EITI mu 2015, lomwe limafuna kuti ndalama zomwe kampani za migodi zimapereka kuboma zizilengezedwa poyera, ndipo lamulo lopatsa nzika ufulu wopeza uthenga kumaofesi a boma lidayamba kugwira ntchito mu Seputembala 2020. Izi zikutanthauza kuti munthu wa ku Karonga ali ndi ufulu wofunsa khonsolo ya boma lake, phungu wake ndi unduna woona za migodi kuti uranium wagulitsidwa wochuluka bwanji, msonkho walowa zingati, ndipo ndalama ya chitukuko cha midzi yagwira ntchito yanji. Mayankho a mafunso amenewa sayenera kudikira filimu.