Insulini Aliyense Ali ndi Maola Ake

Mlimi wa m'chigwa cha Domasi amadziwa kuti chimanga chocha msanga sichikhwima mwezi umodzi ndi cha makolo. Chimodzimodzinso insulini, mankhwala obaya amene amatsitsa shuga m'magazi, omwe Frederick Banting ndi Charles Best anawatulukira ku Toronto m'chaka cha 1921. Alipo wa mitundu ingapo, ndipo wodwala matenda a shuga amene sadziwa maola a mtundu wake ali pangozi.

Insulini wachangu amaoneka ngati madzi. Amayamba ntchito pakatha mphindi 30, mphamvu yake imakula pakati pa maola 2 ndi 4, ndipo imatha pomakwana maola 8. N'chifukwa chake amabayidwa kutatsala theka la ola kuti munthu adye. Wooneka ngati mkaka, wotchedwa NPH, amene anapangidwa ku Denmark mu 1946, ndi wodekha. Mphamvu yake imakula pakati pa maola 4 ndi 10, ndipo imakhalabe m'thupi maola 12 mpaka 18. Palinso wosakaniza mitundu iwiriyi, ndi wina wotchedwa glargine amene amagwira ntchito mofatsa pafupifupi tsiku lathunthu.

Munthu akabaya wonga mkaka m'mamawa n'kulawirira kudimba wopanda kamba, dzuwa likamafika paliwombo mankhwala amakhala atagwira zolimba, pomwe khasu nalo lamutha shuga m'thupi. Amayamba kunjenjemera, kutuluka thukuta, kumva chizungulire ndi kulankhula zosokonekera. Osadziwa amati waledzera kapena walodzedwa, chonsecho shuga ndiye watsika kwambiri. Wotereyu amwetsedwe msanga madzi osungunulamo masupuni atatu a shuga, kenaka adye. Akakomoka asamwetsedwe kanthu, koma athamangire naye ku chipatala cha Domasi kapena chachikulu cha Zomba.

Choncho n'kulakwa kubwereka botolo la mnansi poganiza kuti insulini ndi mmodzi. N'kulakwanso kusintha muyeso kapena nthawi yobayira popanda uphungu wa achipatala. Wodwala asachite manyazi kufunsa namwino dzina la mtundu wake ndi ola limene umagwira kwambiri. Mkazi, mwamuna ndi ana nawonso awadziwe maolawa, pakuti shuga akatsika, wodwalayo sangathe kudzifotokozera yekha, ndipo moyo wake umakhala m'manja mwa amene ali naye pafupi.