Wapanjinga asaiwale kamba ndi madzi

Aliyense amene analawirapo n'kukaima m'mbali mwa msewu wa N13 pa Massangulo akuwadziwa anthu amene amadutsa dzuwa lisanatuluke. Ndi abambo ndi anyamata apanjinga. Wina wamanga thumba la nyemba pa kaliyala, wina chimanga, wina matumba a makala otalika kuposa mutu wake, onse kulowera ku Mandimba, ena mpaka kuwoloka malire kukafika pa Chiponde. Asananyamuke apopa matayala, athira mafuta pa tcheni, ayesa mabuleki, ndipo pampu, guluu ndi zigamba zili m'thumba. Njinga aisamala ndithu. Koma kuwafunsa chimene adya, ambiri yankho lawo n'limodzi: "Tikadya konko tikagulitsa."

Apa mpamene pagona vuto. Njinga ilibe injini. Injini yake ndi mwini wakeyo, ndipo mafuta ake ndi chakudya ndi madzi. Palibe woyendetsa galimoto amene anganyamuke ulendo wa ku Cuamba thanki ili gwaa n'kumati akathira akafika. Nanga bwanji wapanjinga amachita zimenezi pa thupi lake?

Msewu wathuwu uli ndi chinyengo chake. Lichinga ili pamwamba, mamita opitirira 1,300, ndipo dziko limanka litsika kulowera ku Mandimba ndi ku Cuamba. Munthu wochokera ku Ngauma popita amakhala akutsetsereka malo ambiri, kunja kukuzizira, kamphepo kakumuomba. Amadziona wamphamvu zedi. Pobwerera zinthu zimatembenuka: zitunda zili kutsogolo, dzuwa lili paliwombo, m'mimba mulibe kanthu kapena muli nsima yongodyedwa kumene. Kuchoka pa Mandimba kufika pa Massangulo pali makilomita pafupifupi 60. Chiikireni tara pa msewuwu njinga ikuyenda mopepuka, motero anthu akulimba mtima kupita kutali kuposa kale, koma tarayo m'miyezi ya Okutobala ndi Novembala imatentha ngati chiwaya.

Tiyambe ndi njala. Thupi limasunga mphamvu yofulumira m'minofu ndi m'chiwindi, yochokera ku zakudya monga nsima, mbatata, chinangwa ndi mpunga. Nkhokwe imeneyi njaing'ono. Munthu akamapalasa mwamphamvu imatha pa ola limodzi ndi theka kapena maola awiri. Ikatha, miyendo imangolemera mwadzidzidzi, manja amanjenjemera, m'maso mumada, thukuta lozizira limatuluka, ndipo munthu amapsa mtima ndi zinthu zazing'ono. Ena zikawachitikira pa chitunda chomwechomwecho ulendo uliwonse amayamba kunena kuti pamalopo pali zinthu. Palibe zinthu ayi. Pamalopo ndi pamene phala ladzulo limathera.

Nchifukwa chake ulendo wautali umayamba usiku wa dzulo lake. Wapanjinga adye nsima yokwanira ndi ndiwo zenizeni, nyemba kapena usipa, osati kungonyambita. M'mawa, ola limodzi asananyamuke, adye phala lotsira nsinjiro, kaya mbatata yophika ndi tiyi wa shuga, kaya mkute umene. Mkute anyamata ena amaunyoza kuti n'chakudya cha ana, koma wapalasitsa njinga zambiri.

Makolo athu sankanyamuka ulendo popanda kamba. Ankakazinga chimanga ndi mtedza, kuotcha mbatata, kumanga pa kansalu. Nzeru imeneyi sinakalambe. Akatswiri a zamasewera amalangiza kuti wopalasa nthawi yaitali azidya magalamu 30 mpaka 60 a chakudya chopatsa mphamvu pa ola lililonse. Kwathu kuno zimenezi zikutanthauza nthochi imodzi yaikulu kapena ziwiri, mbatata imodzi yapakatikati, chidutswa cha chigumu, kapena zitumbuwa ziwiri. Chachikulu n'kudya pang'onopang'ono njala isanapweteke, kuyambira ola loyamba likangotha. Wodikira kuti njala imuuze wachedwa kale. Mtedza wokazinga ndi wabwino, makamaka wothira mchere, koma umachedwa kugayika, tsono uziyenda limodzi ndi nthochi kapena mbatata. Nzimbe nayo imathandiza, kungoti aidye ataima. Kusenda nzimbe ndi mano dzanja limodzi lili pa handulo, malole akudutsa, n'kuitana maliro.

Pamsika pakhalenso nzeru. Munthu wagulitsa, ndalama ili m'thumba, njala yafika posauzana, ndiye amaitanitsa nsima mitanda inayi ndi nyama ya mafuta, kenaka n'kukwera njinga nthawi yomweyo. Pa chitunda choyamba m'mimba mumaluma, tulo timabwera. Ndi bwino kudya mwapakatikati, kupuma pamthunzi ola limodzi, ndi kugula nthochi za m'njira. Nsima yaikulu idikire kunyumba.

Tsopano za madzi, zimene n'zoopsa kuposa njala. Munthu wogwira ntchito yolemetsa padzuwa amataya thukuta lokwana lita imodzi pa ola, ena kuposa apo. Wapanjinga sazindikira chifukwa mphepo imaumitsa thukutalo lisanayenderere. Umboni wake ndi mizere yoyera imene imatsala pa malaya ndi pa chipewa: umenewo ndi mchere wa m'thupi. Bambo wolemera makilogalamu 60 akataya madzi opitirira pang'ono lita imodzi osabwezera, mphamvu zake zayamba kale kutsika, mtima ukugunda mofulumira, ndipo maganizo sakuyenda bwino. Pa msewu wa magalimoto othamanga, kuchedwa kuganiza kwa kamphindi kokha n'kokwanira.

Pali chikhulupiriro choti kumwa madzi panjira kumafooketsa, kapena kuti mwamuna weniweni amapirira ludzu. Chimene chimavuta n'kupirira maola atatu kenaka n'kugugudiza chigubu chonse nthawi imodzi. Pamenepo m'mimba mumakhuta, madzi n'kumachita phokoso. Wanzeru amamwa makapu awiri asananyamuke, ndipo m'njira amamwa pang'ono mphindi 15 kapena 20 zilizonse, kuti pa ola akwanitse theka la lita, kukatentha kwambiri kuposerapo. Woyesa wake ali naye yekha: mkodzo. Ukakhala woyera ngati madzi a mandimu, zili bwino. Ukakhala wochepa ndi wofiirira ngati tiyi wopanda mkaka, thupi lauma. Munthu amene wapalasa kuyambira m'mawa mpaka masana osapatukako kukataya madzi asadzitame; impso zake zili pa mavuto. Ku Nicaragua ndi ku El Salvador anthu ambiri odula nzimbe m'minda ikuluikulu adwala matenda a impso akadali anyamata, ndipo madokotala akuloza chala kwambiri ntchito ya padzuwa ndi kuuma kwa thupi tsiku ndi tsiku.

Dandaulo limene limamveka n'lakuti madzi amalemera. Zoona, chigubu cha malita 5 chimalemera makilogalamu 5. Koma munthu yemweyo wanyamula thumba la makilogalamu 50, mwina awiri. Chigubu chotsukidwa bwino, chokulungidwa ndi chiguduli chonyowa kuti madzi asatenthe, chili ndi malo pa njinga iliyonse.

Wina anganene kuti madzi ali m'njira monse, mitsinje ilipo, zitsime zilipo. Owerenga akumbukire zimene zinachitika mu 2022 ndi 2023. Mu Seputembala 2022 kolera inabuka m'boma la Lago kuno ku Niassa n'kufalikira m'madera ena. Kutsidya ku Malawi inali itayamba kale mu Malichi chaka chomwecho, ndipo pofika pakati pa chaka cha 2023 inali itapha anthu opitirira 1,700. Boma la Mangochi, limene tagundana nalo malire, linali limodzi mwa okhudzidwa kwambiri. Wapanjinga amene amamwa pa chithaphwi chilichonse angathe kutola matenda kutali n'kukawatula pakhomo pake, kwa ana ake. Madzi anyamulidwe kuchokera kunyumba, owiritsa kapena othira mankhwala, Certeza kuno kwathu kapena WaterGuard kutsidya, motsatira muyeso wolembedwa pa botolo ndi kudikira theka la ola asanamwe. Akatha m'njira, atunge pa mjigo, osati mumtsinje.

Madzi okha sabwezera zonse zimene thukuta lachotsa. Munthu akamwa madzi ochuluka tsiku lonse osadya kanthu ka mchere, mchere wa m'magazi umasungunuka, mutu umapweteka, mseru umabwera, ndipo zikafika poipa amatha kukomoka. Apa mpamene thobwa limaposa zakumwa za m'sitolo: lili ndi madzi, lili ndi chakudya, silivuta m'mimba, ndipo mayi aliyense amadziwa kuliphika. Botolo la thobwa ndi mtedza wa mchere ndi kamba wokwanira maola angapo. Likhale la tsiku lomwelo kapena ladzulo, lisanayambe kusasa n'kusanduka chinthu china. Frozy kapena Fanta amapereka shuga wa msanga munthu akalenguka, koma salowa m'malo mwa madzi. Amene akufuna angathe kudzikonzera chakumwa chimene azaumoyo amaphunzitsa amayi mwana akatsekula m'mimba: lita imodzi ya madzi abwino, masupuni aang'ono a tiyi asanu ndi imodzi a shuga osasefukira, ndi theka la supuni yomweyo la mchere. Mchere usapitirire, chakumwacho chisawawe kuposa misozi. Mapaketi a Thanzi kapena a SRO a kuchipatala amagwira ntchito yomweyo. Odwala matenda a shuga kapena kuthamanga kwa magazi ayambe afunsa kuchipatala.

Ndiye pali kachasu. Alipo amene amati kabotolo kamodzi kamachotsa kutopa ndi kupatsa mphamvu ya pa chitunda. Mowa umangogonetsa ululu, koma umachulukitsa mkodzo, thupi n'kuumiratu. Pa 13 Julaye 1967, pa mpikisano waukulu wa njinga wa Tour de France, katswiri wa ku Britain dzina lake Tom Simpson anagwa akukwera phiri la Mont Ventoux dzuwa likuswa mtengo, ndipo anamwalira tsiku lomwelo ali ndi zaka 29. M'thupi mwake anapezamo mowa ndi mankhwala ogalamutsa. Ameneyu anali munthu wophunzitsidwa, njinga yake yopepuka, madokotala ali pafupi. Nanga wa makala amene ali yekha pakati pa Mandimba ndi Massangulo?

Mapiritsi nawonso. Chizolowezi chomeza Brufen kapena Indocid m'mimba muli pululu, pofuna kuti msana ndi maondo zisamveke, chakula pakati pa anyamata a kabaza ndi onyamula katundu. Mankhwala amenewa amakanda m'mimba, ndipo thupi likakhala louma amavulaza impso. Ululu wosatha ukaonetsedwe kuchipatala.

Anthu ambiri a ku Ngauma ndi Asilamu, motero nkhani ya mwezi wa Ramadan singadumphidwe. Mweziwu umasuntha chaka ndi chaka ndi masiku pafupifupi 11, tsono zaka zina umagwa nyengo yozizira, zina yotentha. Wosala amene sangasiye ntchito adye ndi kumwa mokwanira pa chakudya cha m'bandakucha, apalase m'mawa, apewe dzuwa la masana, achepetse katundu ndi mtunda, ndipo akamasula madzulo amwe pang'onopang'ono mpaka pogona. Malamulo a Chisilamu amalola munthu wapaulendo ndi wodwala kudzabweza masiku pambuyo. Za mtunda woyenera ndi zina zotero, a shehe a pamudzi ndiwo angalongosole, ndipo kufunsa si manyazi.

Amayi ali ndi mbali yawo pano, pakuti kawirikawiri ndiwo amadziwa ngati bambo wanyamuka ndi kanthu kapena ayi. Ndalama imene bambo akuti akusunga posadya m'njira njochepa poyerekeza ndi masiku atatu ogona osapalasa, kapena njinga yopindika ndi katundu womwazika mu ngalande. Mbatata ziwiri zotsala madzulo, nthochi za kuseri kwa nyumba, botolo la thobwa: zonsezi sizifuna metikali ngakhale imodzi. Akabwerako, mkati mwa ola limodzi apatsidwe nsima ndi ndiwo zomanga thupi, nyemba, nsomba, mazira kapena masamba otendera, ndi madzi okwanira mpaka mkodzo uyere. Mawa lake miyendo imadzuka msanga.

Amene apeza wapanjinga atagwa m'mbali mwa msewu asafulumire kunena kuti waledzera. Amunyamulire pamthunzi, amasule malaya, amuthire madzi m'mutu, m'khosi ndi m'khwapa, ndi kumukupiza. Ngati akuyankhula bwino ndipo angathe kumeza, amupatse madzi a shuga ndi mchere kapena thobwa pang'onopang'ono, kenaka nthochi, ndipo asakwerenso njinga tsiku limenelo dzuwa lisanapepe. Koma ngati thupi latentha kwambiri, akubwebweta, sakuzindikira anthu, akusanza kapena wakomoka, asamuthire kanthu m'kamwa chifukwa angatsamwe. Amugoneke cham'mbali, apitirize kumuziziritsa ndi madzi, aimitse galimoto kapena njinga yamoto yoyamba kudutsa, ndi kuthamangira naye ku chipatala chapafupi, kaya ku Massangulo kaya ku Mandimba. Njinga ndi katundu zisungidwe kwa a mfumu a pamalopo, mwini wake adzazipeza.