Mame Amene Akana Kukamuka

Akulu amati mlendo ndi mame, sachedwa kukamuka; koma ine, ndikaima m'mawa pa msewu wa ku Mutare ndi kupenya makomboni akale a m'mapulazi a Goromonzi kuno ku Zimbabwe, kuyambira ku Ruwa kufikira ku Melfort ndi Bromley, kumene makolo athu a ku Dedza, ku Ntcheu ndi ku Mangochi anatulira mitolo yawo atafika ndi malole a Ulere kapena ndi chikalata cha Mthandizi, ndimadzifunsa kuti awa ndi mame otani, amene dzuwa lawaomba zaka 80 koma akali pa udzu.

Chisankho cha 2023 chitayandikira, anansi athu Achishona anali akukangana kale za munthu woti amuike pampando. Koma kwa ife zidzukulu za machona kukonzekera kumayambira patali, pa kachikwama kamene mayi amabisa pansi pa mphasa, momwe muli chitupa. Pa zitupa zambiri za kwathu kuno palembedwa chilembo cha A, kutanthauza mlendo, ngakhale mwini wake mchombo wake unagwera kuseri kwa chigafa cha fodya ku Arcturus, ndipo Malawi amangomumva m'nyimbo za pamaliro.

Sizinali chomwecho kuyambira kale. Makolo athu anaponya voti mu 1980 monga wina aliyense. Koma mapulazi atayamba kulandidwa mu 2000, antchito a m'menemo naganiziridwa kuti mtima wawo uli ndi azungu ndi chipani chotsutsa, kunadza lamulo la 2001 lakuti yense wokhoza kukhala nzika ya dziko lina akane unzika umenewo pasanathe miyezi 6, apo ayi wataya wa kuno. Ndipo nkhalamba zosadziwa kulemba, zimene ntchito ndi nyumba zomwe zinali zitangowathera, zinayenera kukakana chinthu chimene sizinachigwirepo m'manja. Pa chisankho cha March 2002 ambiri anabwezedwa pakhomo. Ndiwo masiku amene tinkatchedwa anthu opanda mutupo, ndiye kuti opanda mfunda, ife a Phiri, a Banda ndi a Mwale, amene mfunda wathu timaudziwa kuposa dzina la ubatizo!

Tsono malamulo aakulu a dziko a 2013 anatembenuza mlanduwo. Ndime 43 ikuti munthu wobadwira m'Zimbabwe malamulowo asanayambe, amene kholo lake linali nzika ya dziko la SADC, iye nakhala ali wokhazikika muno, ndi nzika yobadwa nayo. Ndipo malamulo omwewo anawerengera Chichewa pakati pa zinenero 16 za boma. Mtumwi Paulo, pamene anam'manga kuti am'kwapule, sanapemphe chifundo kwa kapitao wa asilikali, koma anangotchula Uroma umene anabadwa nawo, ndipo zingwe zinamasuka. Chotidodometsa n'chakuti ife, patapita zaka zonsezi, tikali kunong'ona za ufulu wathu ngati tinachita kuuba.

Pano ndinene mosapsatira, ngakhale ena andida nazo. Mlandu wina ndi wa maofesi, inde: ine ndinaperekeza azakhali anga katatu konse, tikudzuka tambala woyamba ndi kulipira kombi ndi ndalama ya ufa, ndipo ulendo uliwonse kalaliki ankatipempha pepala lina limene dzulo lake sanalitchule. Koma mlandu wina ndi wathu. Agogo ankati, "Tikupita kumudzi chaka chamawa," motero sanalembetse ana. Anawo anabala ana opanda kalata ya kubadwa. Ndipo lero mnyamata wa zaka 18, wodziwa kuvina Gule Wamkulu kufikira Achishona aombe m'manja kuti zvigure zafika, alibe ngakhale kapepala kosonyeza kuti anabadwa. Tinaphunzira kuweramitsa mutu pakati pa eni dziko, ndipo ulemu umenewo, umene unatisunga m'masiku oipa, wasanduka goli.

Fodya wako ndi amene ali pamphuno. Wokhala ndi chitupa cha A atenge kalata yake yaitali ya kubadwa, yotchula makolo, apite nayo kukasinthitsa chitupacho, nakalembetse ku bungwe loyendetsa zisankho la ZEC, kumene kuyambira 2017 amajambula nkhope ndi zidindo za zala. Ndipo asadikire misonkhano ya malaya ndi zitenje zaulere, pakuti tsiku la chisankho likangolengezedwa, kaundula amatsekedwa patangopita masiku awiri. Wolembetsa kale asangokhulupirira mtima wake, popeza dzina limapezeka pa malo amodzi okha oponyerapo voti, ndipo malire anasinthidwa mu 2023. Mu 2023 munthu ankatha kuona dzina lake pa foni mwa kutchaya *265#.

Nambala imeneyi inandiseketsa ndekha, chifukwa 265 ndiyo yomwe timayamba nayo poimbira abale ku Malawi. Nditawauza azakhali, amene tsopano chitupa chawo chatsopano amachimanga pa mfundo ya chitenje, anandilanda foni, natchaya okha ndi chala chonjenjemera, nandifunsa kuti, "Mwana wa achimwene, ayankhe ndi a ku Harare kapena a ku Dedza?"