Grande Hotel ya ku Beira idadzaza itatsekedwa kale

Ndikamva anthu akunena kuti Grande Hotel ndi manyazi a mzinda wa Beira, mtima umandiwawa. Ndidafikapo pachinyumbachi, ku Ponta Gea, kufupi ndi pomwe mtsinje wa Pungwe umathira m'nyanja yamchere. Choyamba kuchiona chidali mitengo yomera pamakonde a m'mwamba, mizu yake italowerera m'simenti. Pansi pake amayi adali atayala tomato ndi makala, ana akuthamangitsana pamasitepe aakulu aja omwe adamangidwira azungu a masuti.

Hotelayi idatsegulidwa chapakati pa zaka za m'ma 1950, Apwitikizi akulamulira Mozambique. Adaikongoletsa mosaumira: zipinda zoposa 100, holo yovinira, dziwe losambiramo lalikulu ngati la mipikisano ya Olimpiki. Eni ake ankadalira kuti mudzakhala nyumba ya juga yokoka anthu achuma, koma boma la Apwitikizi, lotsogozedwa ndi Salazar, silidapereke chilolezo. Alendo omwe ankabweradi ku Beira adali mabanja a azungu a ku Rhodesia, obwera pagalimoto kudzera ku Umtali, komwe lero ndi Mutare. Iwowa ankafuna mchenga, mowa wozizira ndi pogona potchipa, ndiye ankapitirira mpaka kugombe la Macuti. Mu 1963 hotela idatsekedwa, isadakwanitse ndi zaka khumi zomwe, osapindulapo kanthu.

Apa ndi pomwe ndimaimapo. Nyumbayi idamangidwira mlendo wa m'maloto, pomwe munthu wakuda wa ku Beira ankalowamo kukasesa ndi kunyamula masutikesi basi. Ifenso kwathu tidazionapo: hotela ya ku Cape Maclear idadalira ndege zotera pamadzi za kampani ya BOAC, ndipo ndegezo zitasiya kubwera mu 1950, nayo siidakhalitse.

Mozambique italandira ufulu mu 1975, asilikali adagwiritsapo ntchito nyumbayi. Kenaka nkhondo ya Frelimo ndi Renamo idathamangitsa anthu m'midzi, ndipo ambiri adapeza mthunzi m'menemu. Nkhondo idatha mu 1992, iwo adakhalabe, poti akadapita kuti? Lero mukukhala anthu oposa 1,000, ena adabadwira momwemo, nawonso ali ndi ana awo.

Sindikubisa kuipa kwake. Mulibe madzi a m'mipopi, mulibe magetsi odalirika. Matabwa a pansi adazulidwa kale n'kusonkhera moto, magalasi ndi zitsulo zidagulitsidwa. Pomwe pankayenda chikepe patsala dzenje lakuya lopanda chotchinga, ana akusewera pambali pake. Ndidaima pafupi ndi dziwe lija, madzi ake obiriwira, mayi wina akuchapa chitenje m'mphepete, mwana ali kumsana. Nditamupatsa moni adayankha mwaulemu ngati mmene amayankhira munthu ali pakhomo pake. Pamenepo m'pamene ndidazindikira kuti ndalowa pamudzi pa eni, osati m'bwinja. Anthuwa ali ndi atsogoleri awo, ali ndi pomwe amapempherera, ndipo mphepo ya Idai itasakaza Beira mu March 2019 adali momwemo.

Alipo ofuna kuti chinyumbachi chigwetsedwe, pamangidwe zina zokopa alendo. Mwina tsikulo lidzafikadi, pakuti simenti yodyedwa ndi mchere siikhala muyaya. Koma akuluakulu a mzinda wa Beira ayambe apezera mabanjawa nyumba zokhala ndi madzi ndi zimbudzi, asadakhudze ndi njerwa imodzi yomwe.