Mawu a nkhondo tisawakwirire ndi agogo

Mukafunsa mwana pamsika wa Liwonde kapena pa Balaka kuti chiwaya n'chiyani, akulozerani pamene akukazinga tchipisi. Ndi ochepa amene akudziwa kuti makolo athu ankati “Nkhondo ya Chiwaya” ponena nkhondo ya 1914 mpaka 1918, chifukwa cha mfuti ya chiwaya imene inkalavula zipolopolo mosalekeza.

Chichokereni 2007 pomwe Malawi idapalana ubale ndi China, achinyamata ena akulimbikira kuphunzira Chitchaina. Izi n'zabwino ndithu, koma nanga mawu athuathu awasunga ndani?

Taonani mawu oti “asilikali” adachokera ku Chiswahili. “Atengatenga” anali anthu wamba amene ankakakamizidwa kusenza katundu wa gulu la King's African Rifles, ndipo ambiri adafera m'njira ndi njala komanso matenda. Gule wa beni, yemwe Ayao a ku Machinga amavina atavala ngati asilikali, dzina lake lidachokera ku bandi ya asilikali.

Makolo ndi aphunzitsi, fotokozerani ana mawu amenewa agogo akadalipo. Mwana wodziwa kuti atengatenga anali ndani sangaitenge nkhondo ngati filimu ya m'nyumba ya vidiyo.