Kuchotsedwa ntchito chifukwa cha miseche

Ku Hewe, m'boma la Rumphi, ntchito zolembedwa n'zochepa: pasukulu, pachipatala cha Katowo, pamunda wa fodya kapena pagolosale. N'chifukwa chake kuchotsedwa ntchito kumeneko kumagwetsa banja lonse, ndipo kumapweteka koposa ngati wochotsedwayo ali wakhama amene anzake anamunenera mabodza kwa bwana chifukwa cha nsanje. Malamulo a Malawi salola zimenezi. Gawo 57 la lamulo la Employment Act la 2000 limafuna chifukwa chomveka, chokhudza luso la wantchito, khalidwe lake kapena zosowa za ntchitoyo, komanso kuti munthuyo apatsidwe mpata wodziteteza asanachotsedwe. Kusakondedwa ndi kapitawo kapena kusakhala m'kagulu ka bwana si chifukwa. Pamlandu, wolemba ntchito ndiye ayenera kusonyeza chifukwacho, ndipo akalephera amayesedwa kuti anachotsa munthu mopanda chilungamo. Ngakhale wozunzidwa mpaka kusiya yekha ntchito, lamulo limamuwerengera ngati wochotsedwa. Wodandaula amapita kwa mkulu wa zantchito wa boma lake pasanathe miyezi 3, ndipo nkhani ikakanika imafika ku Industrial Relations Court, imene kumpoto imakhala ku Mzuzu. Khotilo lingalamule kuti abwerere pantchito kapena alipidwe chipukuta misozi, chosachepera malipiro a sabata imodzi pa chaka chilichonse kwa wogwira zaka zosaposa 5. Chomvetsa chisoni n'chakuti kuchokera ku Hewe ulendowo ndi wautali, ndipo wochotsedwa, amene alibenso malipiro, amayenera kudzipezera yekha ndalama yoyendera.