Kabokosi Kobweza Mawu a Gitala: Ntchito Yoyenera Manja a Achinyamata

Munthu akaima m'bwato pafupi ndi matanthwe a ku Monkey Bay nafuula, mawu ake amakagunda phiri ndi kubwerera kwa iye patapita kamphindi. Asodzi adadziwa zimenezi kalekale, ana asanayambe kuziwerenga m'mabuku a sayansi. Mawu amathamanga mamita pafupifupi 340 pa sekondi imodzi. Choncho thanthwe likakhala pa mtunda wa mamita 50, mawuwo amayenda mamita 100 popita ndi pobwera, ndipo amamveka kachiwiri lisanathe gawo limodzi mwa magawo atatu a sekondi. Kubwerera kwa mawu kotereku ndiko anthu ambiri amakutcha eko.

Oimba gitala amaikonda eko chifukwa imakometsa nyimbo. Chingwe chimodzi chikakhudzidwa, chimamveka ngati ziwiri kapena zitatu zikuyankhana. Aliyense amene adamverapo magitala a ku Congo, monga a Docteur Nico, akudziwa kukoma kwake. Koma woimba sangasenze phiri kupita nalo ku ukwati kapena ku tchalitchi. Nchifukwa chake akatswiri adapanga kabokosi koponda ndi phazi, kotchedwa delay, kamene kamaikidwa pakati pa gitala ndi ampulifaya. Ntchito yake ndi kusunga mawu kwa kanthawi ndi kuwatulutsanso. Mfundo ya nkhani ino ndi yakuti kabokosi kameneka nkoyenera kupangidwa ndi achinyamata a m'mbali mwa nyanja amene atsiriza sukulu, ndi kuti aphunzitsi awo ali ndi udindo wowatsegulira njira.

Poyamba eko inkapangidwa ndi tepi. M'makina a tepi muli kamutu kojambula mawu ndi kena kowatulutsa. Tepi ikamayenda kuchoka pa koyamba kufika pa kachiwiri imatenga nthawi, ndipo nthawi imeneyo ndiyo kuchedwa kwa mawu. Ngati tepi ikuyenda masentimita 19 pa sekondi, timitu tiwirito titatalikirana masentimita 5, mawu amachedwa ndi pafupifupi gawo limodzi mwa magawo anayi a sekondi. Ndi nzeru yotereyi Sam Phillips adajambulira nyimbo za Elvis Presley ku Memphis m'chaka cha 1954. Ku London, Charlie Watkins adatulutsa makina otchedwa Copicat mu 1958, ndipo kampani ya Roland ya ku Japan idatulutsa Space Echo mu 1974. Vuto lake lidali lakuti makinawa adali olemera, ndipo tepi inkatha msanga.

M'chaka cha 1969 akatswiri a kampani ya Philips adapeza njira ina. Adapanga kachipangizo kamene kamapatsirana mphamvu ya magetsi monga momwe anthu a pamzere amapatsirana ndowa za madzi pozimitsa moto. Mzere ukatalika, madzi amachedwa kufika. Pambuyo pake padabwera njira yosandutsa mawu kukhala manambala, kuwasunga, ndi kuwasandutsanso mawu. Pa tizipangizo ta mtundu umenewu, kodziwika kwambiri kwa odzipangira okha ndi PT2399, ka kampani ya Princeton Technology ya ku Taiwan. Nkakang'ono kosafika chala, kali ndi timiyendo 16, kamafuna mavoliti 5 okha, ndipo kamatha kuchedwetsa mawu mwaudongo mpaka gawo limodzi mwa magawo atatu a sekondi.

Nanga chofunika nchiyani kuti kabokosi kathe? Pafunika kachipangizo katchulidwaka, kena kokweza mawu monga TL072, ndi kena kotsitsa mavoliti 9 a batire kuti akhale 5. Pafunikanso marezisita ndi makapasita angapo, mabowo awiri olowetsa ndi kutulutsa waya wa gitala, swichi yoponda, ndi timakono titatu topotokola. Koyamba kamasintha kutalika kwa nthawi yochedwa. Kachiwiri kamabweza gawo la mawu otuluka kuti alowenso, ndipo ndiko kamalamula kuti eko ibwereze kangati. Kachitatu kamasakaniza mawu enieni a gitala ndi mawu obwerera. Zonsezi zimalumikizidwa ndi mtovu wosungunula, nkuikidwa m'kabokosi kachitsulo, pakuti chitsulo chimatchinga phokoso la magetsi lochokera kunja. Palibe chamatsenga pamenepa. Wophunzira wa Fomu 4 wakhama angathe kumvetsa njira yonse.

Chifukwa choyamba chogwirira ntchitoyi nchakuti dziko lino lili ndi mbiri yodzipangira zoimbira. Anyamata a m'midzi akhala akupanga mabanjo ndi zigubu za mafuta, zikopa za mbuzi ndi mawaya a mabuleki a njinga. Daniel ndi Donald Kachamba a ku Chileka adayamba ndi zida zosalira ndalama zambiri, koma nyimbo zawo zidakafika ku Ulaya. Alan Namoko, ngakhale adali wosaona, adagwedeza dziko ndi banjo ndi gulu lake la Chimvu. Gasper Nali wa ku Nkhata Bay adatchuka ndi babatoni wa chingwe chimodzi wodzipangira, ndipo a Madalitso Band adachoka m'misewu ya Lilongwe nakaimba kunja ndi chida chomwecho. Chodandaulitsa nchakuti luso limeneli limaima pamene payambira magetsi. Mnyamata amene saopa kusema mtengo ndi kukunga chikopa amagwa ulesi akaona mawaya, nayamba kudikira kuti wina amubweretsere chida kuchokera ku Johannesburg.

Mantha amenewa alibe maziko. Ku Kingston, m'dziko la Jamaica, kudali munthu wokonza mawailesi dzina lake Osbourne Ruddock, wodziwika kuti King Tubby. Iyeyu ankadzipangira maampulifaya, ndipo m'zaka za m'ma 1970 adagwiritsa ntchito eko mwanjira imene idathandiza kubala mtundu wa nyimbo wotchedwa dub. Kuno kwawo kwa awerengi, William Kamkwamba wa ku Wimbe m'boma la Kasungu adamanga makina opanga magetsi ndi mphepo cha m'ma 2002, atasiya sukulu chifukwa chosowa ndalama. Zida zake adatola kudzala, ndipo nzeru adazipeza m'buku la mu laibulale. Onse awiriwa adayamba ndi kutsegula chinthu chakufa kuti aone za m'kati mwake.

Chifukwa chachiwiri ndi malo eni akewo. Monkey Bay si mudzi wachilendo pa ntchito za zitsulo ndi mawaya. Sitima ya Ilala idapangidwa ku Scotland mu 1949, idabwera zidutswazidutswa, ndipo idalumikizidwa padoko pomwepa isanayambe kuyenda mu 1951. Kwa zaka zoposa 70 yakhala ikusamalidwa ndi amisiri a panyanja. Msika wa luso la zoimbira ulinso pafupi. Makwaya a m'matchalitchi, magulu oimba pa maukwati ndi malo ogona alendo a ku Cape Maclear, onsewa amagwiritsa ntchito zokuzira mawu zimene zimawonongeka kawirikawiri ndi fumbi, chinyezi ndi kuthimathima kwa magetsi. Chikondwerero cha Lake of Stars chidachitikapo ku Nkopola, monga mu 2010, ndipo chidaonetsa kuti nyimbo za m'mbali mwa nyanja zimakoka anthu ndi ndalama. Wachinyamata amene wapanga delay ndi manja ake waphunzira kale theka la ntchito yokonza ampulifaya.

Ena adzati kugula nkwapafupi, popeza timabokosi totsika mtengo tochokera ku China tilipo. Nzoona kuti wodzipangira sangapose fakitale pa mtengo kapena pa kukongola. Komatu wogula amapeza kabokosi kokha, pamene wopanga amapeza kabokosi ndi nzeru yomwe. Kogula kakafa kamatayidwa; kodzipangira kakafa mwini wake amadziwa pogwira. Ena adzati zipangizo sizipezeka ku Monkey Bay. Vutoli lilipodi, koma lili ndi potulukira. Marezisita, makapasita ndi timakono tili m'mawailesi akufa amene adzaza m'mashopu a okonza. PT2399 idapangidwira makina a karaoke, kotero imapezeka nthawi zambiri m'maampulifaya otsika mtengo okhala ndi kakono ka eko. Zotsala zingaitanitsidwe ku Blantyre kapena ku Lilongwe, anthu angapo atasonkherana, pakuti mutu umodzi susenza denga.

Kwa aphunzitsi, kabokosi kameneka ndi labotale yaing'ono. M'menemo muli lamulo la Ohm, ntchito ya kapasita, liwiro la mawu ndi masamu a tizigawo ta sekondi. Mwana amene amaloweza mawu a m'buku osawamvetsa adzamva ndi makutu ake kuti kupotokola kakono kwasintha nthawi ya eko, ndipo sadzaiwalanso. Kalabu ya sayansi ya pa sekondale ingathe kupanga kabokosi kamodzi pa teremu, mothandizidwa ndi wokonza mawailesi wa pamsika. Bungwe la TEVETA, limene lidakhazikitsidwa mu 1999 kuti litukule maphunziro a ntchito zamanja, lingachite bwino kuona kuti kukonza zoimbira ndi ntchito yodyetsa banja monga ukalipentala.

Chenjezo lisasowe. Ntchitoyi ichitike ndi batire ya mavoliti 9, osati magetsi a pakhoma. Ampulifaya yakufa isatsegulidwe ili yolumikizidwa, ndipo makapasita ake aakulu amasunga mphamvu ngakhale itazimitsidwa. Utsi wa mtovu suyenera kupumidwa, ndipo m'manja musambidwe musanagwire nsima. Kabokosi koyamba mwina sikadzalira. Waya umodzi wosagwira bwino ngwokwanira kukhalitsa chete zonse. Pamenepo mpofunika kufufuza mwendo ndi mwendo, pakuti kuona maso a nkhono nkudekha. Wotsiriza sukulu amene wapirira mpaka kumva gitala ikudziyankha m'kabokosi ka manja ake sadzaopanso kutsegula wailesi, ampulifaya kapena nyale ya dzuwa ya mnansi wake, ndipo pamenepo ndiye payambira ntchito.